Maloko atatu a Agogo Naphiri

Mwezi wa July ku Zolozolo kumazizira moti ngakhale nkhuku zimachedwa kutsika mumtengo. Tsiku limenelo kunali kamvula kamawawa, ndipo ine wa m'nyumba ya lendi ya kuseri ndinathawira pakhonde pa Agogo Naphiri, eni ake a pulotiyi, chifukwa mbaula yawo siumira makala. Agogowa kwawo ndi ku Ntchisi. Anabwera kuno motsatira amuna awo 1985 isanakwane, Mzuzu asanatchedwe n'komwe mzinda, ndipo anansi awo achitumbuka amawaitana kuti Nyaphiri. Ndiwo asungichuma a banki m'khonde ya amayi a kuno kwathu. Mdzukulu wawo Yamikani, amene akuphunzira za makompyuta ku Blantyre, anali patchuthi. Anali khale pakampando, laputopu ili pamaondo, nkhope ili ngati wamwa kwinini. Ine ndinkasenda chinangwa, makutu ali tcheru.

AGOGO: Amuna anga, chiyambire m'mawa mukungoyang'anitsitsana ndi chithireyi chanucho. Kodi mwapezamo mkazi wina m'menemo?

YAMIKANI: Ndi ntchito yanu yomwe ija, Agogo. Pulogalamu ya pafoni ya banki m'khonde. Ndimafuna Lachinayi likafika muzingodina, osavutikanso ndi kabuku kothimbirira kaja.

AGOGO: Kabuku kameneko ndi kamene kakulipirira fizi zaka zitatu, usakatukwane. Ndiye yatha?

YAMIKANI: Inatha dzulo. Koma usiku ndikuiyesa, ndapeza kuti a Nyagondwe ali ndi masheya mainasi 40.

AGOGO: Ali ndi chiyani?

YAMIKANI: Mainasi 40. Ndiye kuti adutsa ziro, alowa pansi.

AGOGO: Nyagondwe wa usipa uja? Amene chiyambire gululi sanaphonyepo ngakhale sabata imodzi? Tsitsa mawu, iwe mwana, nyumba yake ndi iyo. Akamva tisamuka tonse muno. Wamubera ndani?

YAMIKANI: Palibe wawabera. Ndalakwitsa ndine. Pamene munthu akubweza ngongole, ndinalemba kuti ndalamayo ichotsedwe pa masheya m'malo mochotsa pa ngongole. Mzere umodzi wokha. Koma ndaufunafuna mpaka tambala woyamba, chifukwa m'pulogalamu yonseyi muli malo okwana 30 amene angathe kugwira masheyawo.

AGOGO: Bokosi limodzi, manja 30! Kodi kusukulu kwanuko amakuphunzitsani kusunga ndalama kapena kugawa nyama ya pamaliro?

YAMIKANI: Ndiloleni ndikufotokozereni. Pali chinthu chimene timachitcha kalasi.

AGOGO: Kalasi ndikuidziwa. Ndinalekezera sitandade 4, osati chifukwa cha umbuli, koma agogo ako aamuna anali ndi changu.

YAMIKANI: Osati imeneyo. Tengani chikombole cha njerwa. Chikombole si njerwa, koma njerwa iliyonse yotulukamo imatenga maonekedwe ake. Ine ndapanga chikombole chotchedwa Membala. Inuyo, a Nyagondwe, amayi onse aja, aliyense ndi njerwa yotuluka m'chikombole chimenecho. Nzeru imeneyi inachokera ku Norway. Akatswiri awiri, Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard, ndiwo anaiika m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Simula mu 1967.

AGOGO: Chaka chimene ndinabereka amalume ako. Ndiye azungu a ku Norway anatulukira chikombole mu 1967? Ife ku Ntchisi tinali titaumba kale njerwa za tchalitchi chonse, palibe anatilemba m'buku.

YAMIKANI: Tsono pakhomo pa chikombolecho pamakhala konsitirakita.

AGOGO: Usanditchulire anthu amenewo! Amene anandimangira chimbudzi chija anathawa ndi matumba 6 a simenti, mpaka lero ndikamuona pa kabaza amatembenuza nkhope ngati wadwala khosi.

YAMIKANI: Ameneyo ndi kontirakitala, Agogo. Konsitirakita si munthu. Ndi khomo limene membala watsopano amabadwirapo. Simungapange membala chimanjamanja. Muyenera kupereka dzina, nambala ya foni, masheya oyambira. Zimene mumapereka pakhomopo timati maparamita. Ndipo funso lonse lagona apa: zimene mwaperekazo, membalayo akabadwa, ndani angazione, ndipo ndani angazisinthe?

AGOGO: Werenga ndimve zimene walemba.

YAMIKANI: Ndalemba kuti class Membala, kenako ndatsegula bulaketi, m'kati mwake var dzina, var foni, var masheya, var ngongole, n'kutseka.

AGOGO: Vala, vala, vala. Akuvala chiyani?

YAMIKANI: Ndi var, kutanthauza chinthu chosinthika. Pali mnzake val, chimene mukachiika kamodzi basi chakhala. Chilankhulo chimenechi ndi Kotlin. Inachipanga ndi kampani ya JetBrains, inachilengeza mu 2011, chinakhwima mu 2016, ndipo mu 2017 a Google anachivomereza kuti chizilembera mapulogalamu a mafoni a Android, ngati yanuyo. Dzinalo ndi la chilumba china pafupi ndi mzinda wa St Petersburg ku Russia. M'mbuyomo anthu ankalemba ndi Java.

AGOGO: Java ndili nayo itatu m'sutikesi. Ina ndinagula ku Taifa, siisuluka ngakhale uichape ndi phulusa.

YAMIKANI: Si chitenje.

AGOGO: Ndiye bwanji mumaba maina a zinthu za eni? Kalasi, vala, Java. Kwatsala kuti mutenge nsima.

Apa ndinaseka mpaka mpeni unapita pachala. Koma kunena zoona, Agogo anali atagwira kale mchira wa nkhaniyi, ngakhale ankadzipusitsa. Anakoleza mbaula, n'kusendeza mpando pafupi ndi mdzukulu wawo.

AGOGO: Ndiye zonse unaziveka zosinthika, n'kuzisiya pabwalo?

YAMIKANI: Mu Kotlin mukapanda kunena kanthu, chinthucho chimakhala public, cha aliyense. Ndinkathamanga. Ndinati ndidzakonza m'tsogolo.

AGOGO: Mawa mawa anagonetsa munda. Tiye tikonze pano, ndili moyo. Yamba ndi dzina.

YAMIKANI: Dzina n'losavuta. Likhala val. Dzina la munthu silisintha.

AGOGO: Wanama.

YAMIKANI: Bwanji?

AGOGO: Ine ndinabadwa ndi dzina lina, limene iwe sulidziwa ndipo sudzalimva. Nditatha msinkhu anandipatsa lina. Pobatizidwa abusa anawonjezera lawo. Nditabereka ndinasanduka amake Uje. Kuno ndine Nyaphiri, kwathu Naphiri, pakamwa pako Agogo. M'gulu lathu lomweli muli mayi wina amene wasintha dzina katatu, malinga ndi bambo amene ali m'nyumba chaka chimenecho. Ukamumata dzina limodzi, adzakana ngongole, adzati amene anakongola uja si ine.

YAMIKANI: Chabwino, dzina likhale var. Nanga chosasintha n'chiyani?

AGOGO: Mfunda. Ndinabadwa Phiri, ndidzalowa m'manda Phiri.

YAMIKANI: Koma a Phiri m'gulumo alipo angati?

AGOGO: Asanu.

YAMIKANI: Mwaona? Kompyuta ingasokonezeke. Tiike nambala ya chiphaso cha unzika, chija munakajambulitsa mu 2017 pamene a NRB ankalemba dziko lonse. Imeneyo ndi yanu nokha. Ikhale val.

AGOGO: Chija anandijambula ngati ndathawa ku Maula? Ika. Koma nkhope usaiikemo.

Mnyamatayo anagogoda timabatani take. Kenako anaima, n'kukanda m'mutu.

YAMIKANI: Pali njira yachitatu. Mukhoza kulemba paramita popanda val, popanda var. Dzina lokha basi. Imeneyo imagwira ntchito nthawi yobadwa yokha, kenako yapita. Membala saisunga.

AGOGO: Ngati mzamba.

YAMIKANI: Eya, ngati mzamba! Amabwera, amathandiza, amapita kwawo. Mwachitsanzo ndalama yolowera m'gulu. Timangofuna kuona ngati yakwana pa tsiku lolowalo. Ikakwana membala abadwe, ikapanda kukwana asabadwe. Pambuyo pake ndikayerekeza kuitchula penapake m'ntchito za membalayo, kompayila imakana, imati dzina limeneli sindikulidziwa.

AGOGO: Kompayila ndiye ndani?

YAMIKANI: Ndi imene imawerenga zonse ndalemba pulogalamu isanayambe kuyenda. Ikapeza kuti ndaphwanya lamulo, siilola kuti ntchito ipitirire.

AGOGO: Ameneyo ndiye namkungwi. Ndamukonda. Ndi yekhayo m'chithireyimo amene analeredwa.

YAMIKANI: Koma m'chilankhulo china, Scala, zimayenda mosiyana.

AGOGO: Sikelo? Ya mavenda ogula soya ija, imene kilo imalemera ngati nthenga?

YAMIKANI: Scala. Anachipanga ndi Martin Odersky pa sukulu ya ukachenjede ya ku Lausanne, ku Switzerland, chinatuluka mu 2004. Kalembedwe aka koika val ndi var m'bulaketi ya kalasi kanali kale m'menemo Kotlin asanabadwe. Tsono mu Scala, paramita yopanda val kapena var mukaitchula m'ntchito za membala, kompayila siikana. Imangoisunga mwakachetechete m'kati, osaonekera kunja. Inu n'kumaganiza kuti inapita, pamene ili m'nyumba momwemo, ikudya malo.

AGOGO: Ndikumudziwa ameneyo! Mlamu wa agogo ako anabwera kudzathandiza kufolera denga, masiku atatu okha. Anakhala zaka 4 kuchipinda cha alendo. Amati mlendo ndi mame, koma amenewo anali mame a ku Chikangawa, osakamuka ngakhale masana. Iweyo khala ndi Kotoni yakoyo.

YAMIKANI: Kotlin.

AGOGO: Ndanena zomwezo.

Ndinawapatsa chinangwa kuti ateleke. Mvula inali itakula pang'ono, ikugogoda malata, ndipo pamsewu pankadutsa anyamata a kabaza atafunda mapepala a pulasitiki. Yamikani anakhala tsonga, ngati munthu amene wafika pamene pagona nkhani.

YAMIKANI: Tsopano masheya. Apa ndiye pamene panandipweteka. Ndiika private var masheya.

AGOGO: Pulayiveti? Ndiye tizilipira? Sukulu ya pulayiveti, chipatala cha pulayiveti, konse kumene kwalembedwa mawu amenewo thumba limabwerako lopepuka.

YAMIKANI: Apa sipalipiridwa. Private ndiye kuti chinthucho chimaoneka m'kati mwa kalasi mokha. Malo 30 aja sangachione, sangachikhudze. Wofuna kuwonjezera masheya adzere pakhomo limodzi limene ndilitcha gulaMasheya, ndipo pakhomopo ndiika lamulo lanu lija, kuti pa sabata munthu agule kuyambira sheya imodzi kulekezera 5. Mzere wa dzulo uja ukanakanidwa nthawi yomweyo, ine n'kugona tulo.

AGOGO: Bwereza. Wati sangachione?

YAMIKANI: Sangachione.

AGOGO: Masheya a Nyagondwe, amayi enawo asawaone?

YAMIKANI: Ndiye chitetezo chimenecho, Agogo.

AGOGO: Chimenecho ndi chiyambi cha ndewu. Khala pansi.

YAMIKANI: Ndakhala kale.

AGOGO: Khalitsitsa. Iwe unaonapo mmene timachitira Lachinayi? Bokosi limakhala kuno kwa ine, pansi pa bedi, koma kiyi ndilibe ngakhale imodzi. Maloko ndi atatu, makiyi ali ndi amayi atatu, ndipo mmodzi amakhala kutsidya, cha ku Chiputula, dala, kuti asamagwirizane msanga. Tikakumana, bokosi limaikidwa pakati pa mphasa. Mlembi asanatsegule buku amafunsa gulu lonse kuti sabata yatha tinatseka ndi zingati, ndipo amayi amayankha pamodzi ngati kwaya. Owerenga ndalama awiri amawerenga mokweza. Munthu akagula masheya atatu, chidindo chimagunda katatu m'kabuku kake, aliyense akumva. Maso ndi a tonse. Manja ndi a anthu owerengeka. Iwe wandipatsa njira ziwiri zokha: kapena aliyense apisemo dzanja, kapena aliyense atseke maso. Zonsezo ndi zopusa. Ndalama yobisika imamera miyendo.

Ndiyenera kuvomera kuti mnyamatayo sanatsutse. Ophunzira ambiri akagwidwa chonchi amathawira ku Chingerezi, koma uyu anangoti kukamwa yasa, kenako n'kuyamba kuseka yekha.

YAMIKANI: Njira imeneyo ilipo, Agogo. Imatchedwa private set. Aliyense amawerenga, koma wosintha ndi wa m'kati yekha.

AGOGO: Nanga unaibisiranji?

YAMIKANI: Chifukwa Kotlin salola kuilemba m'bulaketi muja. Muyenera kulandira masheya oyambira ngati mzamba uja, opanda val, opanda var. Kenako m'kati mwa kalasi mulembe var masheya, muwapatse chimene mzamba wabweretsa, pansi pake mulembe private set. Ndi mizere iwiri yowonjezera.

AGOGO: Mizere iwiri! Nyagondwe walowa pansi pa nthaka chifukwa cha ulesi wa mizere iwiri? Ine ndimapalira mizere 60 dzuwa lisanafike pamutu, ndi msana uno.

YAMIKANI: Ndikulemba, Agogo.

AGOGO: Ngongolenso uchite chimodzimodzi. Wokongola adziwike. Manyazi ndiwo amabweza ndalama, osati chiwongoladzanja.

YAMIKANI: Pa ngongole pali kamsampha kena. Munthu amakongola kangapo, ndiye ndinaika mndandanda. Ndikhoza kuulemba val n'kumadzinamiza kuti ndatseka. Koma val amangoletsa kusinthanitsa mndandandawo ndi wina. Ngati mndandandawo uli wa mtundu wolola kuwonjezera ndi kuchotsa, aliyense wouona akhoza kufufutamo ngongole yake.

AGOGO: Ndiye kuti wamangirira dengu kumtengo kuti lisabedwe, koma mbatata zake aliyense akutapa.

YAMIKANI: Ndendende. Ndiye dengu lenilenilo likhale private, kunja ndizionetsa la mtundu wongowerenga.

AGOGO: Ukuyamba kukhwima. Nanga foni?

YAMIKANI: Foni imasintha, ikhale var. Koma isakhale pabwalo. Pali mawu akuti internal, kutanthauza kuti chinthu chioneke m'chigawo chimodzi cha pulogalamu chimene chimamangidwira pamodzi, akunja ayi. Ndiponso kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta. Nambala za amayiwa si zomwaza.

AGOGO: Bisa ndithu. Mwezi watha wina anandiimbira, akuti ndine mdzukulu wanu, ndagwidwa ku boda ya Songwe, tumizani ndalama pa Mpamba. Ndinamufunsa kuti amako dzina lawo la pa ubwana ndani. Anadula foni.

YAMIKANI: Ndiye munamufunsa chinthu cha private.

AGOGO: Ndinamufunsa chinthu cha m'nyumba. Pali mawu enanso m'thumba mwakomo?

YAMIKANI: Pali protected. Chikombole china chikhoza kubadwa kuchokera ku chinzake. Mwachitsanzo Mlembi ndi Membala ndithu, koma ali ndi ntchito zowonjezera. Chinthu cha protected chimaoneka kwa kholo ndi kwa ana ake, anthu apadera ayi.

AGOGO: Chuma cha masiye. Nanga ana ake ndi a mbali iti? Kwathu ku Ntchisi mwana ndi wa kwa mayi, mwini mbumba ndi malume. Kuno kwa anzathuwa, amene analowola ndiye mwini ana. Kompyuta yako imatsata mwambo uti?

YAMIKANI: Mu Kotlin kalasi imakhala ndi kholo limodzi lokha lolandirako chuma. Ndipo kholo likapanda kulemba mawu akuti open, silingakhale ndi mwana n'komwe.

AGOGO: Kholo limodzi, ndipo mwana sabadwa popanda chilolezo cholembedwa. Anthu a ku Russia amenewa sanaonepo mlandu wa malo, koma anauopa.

Chinangwa chinapsa. Agogo anagawa ndi manja, mchere uli m'kasosala, ndipo kwa kanthawi pakhondepo pankangomveka kupemerera zala. Ine ndinaponyapo mawu anga amodzi okha a tsikulo, kuti njira ya bokosi la maloko atatuyi si yakalekale monga ambiri amaganizira. Anaiyambitsa ndi a bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991. Agogo anandiyang'ana cham'mbali n'kunena kuti bokosi n'lachilendo inde, koma kusakhulupirira munthu mmodzi pa ndalama anabadwa nako. Kenako anabwerera kwa mdzukulu wawo.

AGOGO: Tsono ndikufunse. Pakhomo pako paja, pa kontirakitala.

YAMIKANI: Konsitirakita.

AGOGO: Aliyense akhoza kufikapo ndi dzina ndi nambala, n'kutuluka ali membala?

YAMIKANI: Monga zilili pano, inde.

AGOGO: Ndiye kuti mawa tikhoza kudzuka tili ndi mamembala amene sitinawaonepo, akukongola ndalama zathu? Kuboma amati ogwira ntchito a mizukwa. Ife munthu salowa choncho. Amabwera ndi mnzake womuikira umboni, amapita kwa wapampando, gulu limakambirana iye ali panja. Wina tinamukana chifukwa anathawa ndi ndalama za chipereganyu ku Ching'ambo.

YAMIKANI: Khomonso likhoza kutsekedwa. Ndilemba private constructor. Zikatero palibe angapange membala kuchokera kunja. M'kati mwa kalasi mumakhala chimene amati companion object, ngati mnzake wa chikombolecho wokhala nacho nyumba imodzi. Ameneyo ndiye amaloledwa kutsegula. Wofuna kulowa apemphe kwa iye, iye aone ngati zonse zili m'malo, akakhutira atsegule.

AGOGO: Umutche Wapampando.

YAMIKANI: Zimatheka kumupatsa dzina.

AGOGO: Koma asakhale wolongolola ngati wathuyu. Pemphero lotsegulira lokha tiyi amazizira.

Yamikani analemba kwa mphindi zingapo. Kenako anatembenuzira laputopu kwa agogo ake, n'kubwezeretsa dala mzere wolakwika uja, woti ndalama yobweza ngongole ichotsedwe pa masheya. Pansi pa mawuwo panatuluka kamzere kofiira kokhotakhota.

AGOGO: Magaziwo ndi a chiyani?

YAMIKANI: Namkungwi wanu uja wakana. Akuti kuchokera pano simungasinthe masheya.

AGOGO: Ha! Mumuuze kuti Lachinayi abwere, mpando ulipo. Ndiye tsopano mbava zathedwa? Foni ikabedwa pa depoti, ndalama zathu sazigwira?

YAMIKANI: Apo ndiye ayi, Agogo.

AGOGO: Ayi chiyani?

YAMIKANI: Private si loko wa mbava. Munthu wodziwa akatenga foni akhoza kukumba zimene zasungidwamo osadzera n'komwe pa Membala. Ngakhale m'pulogalamu momwemo muli njira yotchedwa reflection, yolowera pazenera n'kugwira za private. Zotchinga akuba ndi zina: nambala yachinsinsi, kusokoneza zolembedwa kuti wopanda kiyi asaziwerenge. Zimenezo ndi ntchito ya sabata yamawa.

AGOGO: Ndiye m'mawa wonsewu takhala tikutsekera ndani?

YAMIKANI: Ineyo. Ndi mnzanga aliyense amene adzagwire pulogalamuyi ine nditachoka. Ndi ine ndemwe wa miyezi 6 ikubwerayi, nditaiwala zimene ndinkaganiza lero, tulo tili m'maso. Mkulu wina, David Parnas, analemba za zimenezi mu 1972, kuti chigawo chilichonse cha pulogalamu chizisunga za m'kati mwake, anzake azingodziwa khomo lodzera.

Ndinkayembekeza kuti Agogo akwiya kuti awatayitsa nthawi. M'malo mwake anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva nkhani ya kwawo kuchokera pakamwa pa mlendo.

AGOGO: Iwe ukuganiza kuti maloko atatu aja ndi a mbava? Bokosi lija mwana wa sitandade 5 akhoza kulinyamula pamutu n'kukaliphwanya ndi nkhwangwa kudambo. Maloko aja ndi anga. Usiku wina mwana wadwala, m'nyumba mulibe ngakhale ya panado, bokosi lili pansi pa bedi likundiyang'ana. Mtima umati tapako pang'ono, ubweza Lachitatu. Ndi mtima wabwinobwino umenewo, si wa wakuba. Koma kiyi ili ku Chiputula. Ndimagona. Nkhokwe kwathunso inalibe chitseko cha chitsulo, koma wokwera kukatapa chimanga anali amayi okha. Ikatha msanga, ofunsidwa ankadziwika.

YAMIKANI: Ndiye Parnas munamuwerenga.

AGOGO: Iyeyo ndiye akanabwera kudzandiwerenga. Zilankhulo zanu zonse zili ndi namkungwi wotere?

YAMIKANI: Ayi. Pali china chotchuka kwambiri, Python.

AGOGO: Tanthauzo lake?

YAMIKANI: Nsato.

AGOGO: Mayo ine! Mwafika pa njoka.

YAMIKANI: Anachiyamba ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands, chinatuluka mu 1991. M'menemo mulibe private weniweni. Mukafuna kuti anzanu asagwire chinthu, mumangoika kamzere kapansi kutsogolo kwa dzina lake. Wofuna kugwira amagwira, palibe womuletsa. Amangodalira kuti anthu ndi aulemu.

AGOGO: Katani ya kuchipinda kwa makolo. Ilibe loko, koma mwana woleredwa saikankha. Zimenezo zimayenda m'nyumba ya anthu ochepa odziwana. Pa ndalama za amayi a Zolozolo, ayi. Nsatoyo uisiye ku Blantyre komweko.

YAMIKANI: Komabe, Agogo, vomerani kuti pulogalamuyi iposa kabuku kanu. Tsabola wakale sawawa.

AGOGO: Tsabola wakaleyu ndi amene wakutulutsa misozi m'mawa wonse uno. Kabuku kanga sikanaikepo munthu pansi pa ziro. Tiziyendetsa zonse ziwiri mpaka December pogawana. Zikadzafanana mpaka tambala yomaliza, ndidzakupatsa ulemu. Zikadzasiyana, wolakwa ndikumudziwa kale. Tsopano tiye tione za iwe. Ndalama ya buku ija ndinakutumizira mu May, ili pa val kapena pa vala?

YAMIKANI: Imeneyo inali ngati mzamba, Agogo. Inagwira ntchito nthawi yomweyo, kenako inapita.

AGOGO: Buku lake lili kuti?

YAMIKANI: Lili pa intaneti.

AGOGO: Nanga uyu amaimba usiku uliwonse, iwe n'kumakayankhira kuseri kwa bafa, mvula ili pamutu? Pafoni pako palembedwa kuti Pulambala. Ndi mpope uti umaphulika 10 koloko usiku uliwonse?

YAMIKANI: Zimenezo ndi private.

AGOGO: Wanena wekha kuti pulayiveti amaona ndi a m'kati mwa kalasi. Chikombole chimene unatulukamo iwe ndi ine. Dzina lake ndani, kwawo n'kuti?

Mnyamatayo anapulumukira pa geti. Chitseko cha malata chinalira, ndipo analowa Nyagondwe mwini wake, beseni la usipa wa ku Nkhata Bay lili pamutu, pulasitiki itaphimba pamwamba. Anatula beseni pakhonde, anapereka moni wa Chitumbuka kwa Agogo, kwa ine, n'kumalizira kwa Yamikani, amene anali atatseka kale laputopu mwachangu ngati muli njoka ija.

"Monire, asambizgi," anatero Nyagondwe, kenako n'kutembenukira ku Chichewa kuti pasakhale kusamvana. "Mwana wanga amatunga madzi pampope apa m'mawa. Akuti wamva dzina langa katatu, ndi mawu akuti mainasi. Tatsegulani chinthucho ndione masheya anga."

Agogo anatola kachidutswa ka chinangwa, n'kukaviika mumchere mosafulumira.

"Tsegulani, amuna anga," anatero. "Si mwati kuwerenga n'kwa aliyense?"